Malemu Gracian Ngozo ndi Kambale ka Mchere

Zikomo a mfumu, zikomo Bambo Mfumu ndi akuluakulu a mpingo, zikomo nonse amene mwasiya makasu anu kudzatikhuza. Amene tikuwaperekeza lero ndi Bambo Gracian Maynard Ngozo, a m'mudzi muno mwa Kadzakalowa, dera la Mfumu Yaikulu Champiti, m'boma lino la Ntcheu. Adabadwa pa 14 Juni 1961, ndipo atisiya Lamulungu lapitali, pa 2 Malichi 2025, ali ndi zaka 63.

Wowerenga mbiriyi ndi Evance Ngozo, mng'ono wawo wa malemu, mphunzitsi wopuma. Mbiri ya pamaliro timaidziwa tonse: imakhala yaifupi, imayamikira, ndipo ikafika pa matenda imangoti adadwala nthawi yaitali. Iyi italikirapo, ndiponso mbali ina siyokoma kuimva. Mutipirire. Malemuwa adachita kulamula ali pabedi la kuchipatala kuti zonse zalembedwa panozi ziwerengedwe pamaso pa mudzi bokosi lawo lisadatsikire m'manda, chifukwa pali dzina la munthu wamoyo limene banja lathu lidalipaka matope. Munthuyo ndi uyo wakhala pamphasa kumutu kwa bokosi, mkazi wawo wa malemu, Mayi Rute, a naNzunga.

Bambo Gracian adali achitatu mwa ana asanu a Bambo Maynard Ngozo ndi Mayi naMaseko. Bambo athuwo adali munthu wa ku Joni. Adapita ndi Wenela kukagwira ntchito m'migodi, ankabwera kamodzi pa zaka ziwiri ndi sutikesi, mabulangete ndi wailesi, mpaka adabwereratu mu 1974. Adamwalira mu 1979, miyendo itatupa moti majombo awo a ku mgodi aja adakana kulowa. Akuluakulu amene muli pano mukukumbukira zimene zidanong'onedwa za mayi athu maliro aja atatha. Zimenezo tizisunge kaye, tibwererako.

Malemuwa sukulu adayamba mu 1969 pa pulayimale ya kwathu konkuno. Masamu adali nawo m'mutu, koma adalekezera Sitandade 8 chaka chimene bambo adamwalira, ponena kuti pakhomo sipangakhale ana asukulu okhaokha. Adapita pa Lizulu kukasenza matumba a mbatata ya kachewere, kukweza m'malole opita ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Yunifolomu ya Evance, mabuku ake, mpaka nsapato zimene adavala popita ku koleji ya aphunzitsi, zonsezo zidachokera pamsana pa malemuwa. Zimenezi zikumbukike tikamafika kutsogoloku.

Pa Lizulu dzina loti Gracian ankalidziwa ndi owerengeka. Onse ankati a Thirakita, chifukwa thumba limene anyamata awiri ankalinyamula akubuula, iwo ankaliponya paphewa okha n'kumayenda akuimba mluzu. Dzinalo ankalikonda kuposa la ubatizo. Pofika 1990 adali atasiya kusenza za eni, akugula mbatata kwa alimi a mbali zonse ziwiri za msewu n'kumakagulitsa okha m'tauni. Munthu wa pamsika chakudya chake n'cha pamsika: tiyi wa masupuni asanu a shuga m'mawa, tchipisi cha pachiwaya chowaza mchere mpaka kuyera, chakumwa chotsekemera cha m'botolo, fodya wopichira pakamwa. Thupi lidakula, mimba idatuluka, ife kumudzi kuno n'kumaomba m'manja kuti achimwene akupeza bwino, Mulungu wawaona.

Mu 1986 adamanga banja ndi Mayi Rute, a naNzunga, a kufupi ndi Lizulu komweko, ndipo adawatenga chitengwa kubwera nawo m'mudzi muno. Mulungu adawapatsa ana anayi, mmodzi adatsogola ali wakhanda. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu a naNzunga akhala pakati pathu, palibe amene adawamvapo akukweza mawu pachitsime. Mayi athu atakalamba, amene ankawasambitsa ndi kuwatembenuza mpaka tsiku lawo lomaliza mu 2003 adali iwowa, osati ife obadwa m'mimba mwawo.

Kumpingo malemuwa adali Mkatolika wosajomba. Adakhalapo wapampando wa mphakati wathu kawiri, ndipo miyala ya maziko a tchalitchi chathu yambiri adaitutira pamutu pawo. Adalinso katswiri wa ngoma. Akagwira chishango ndi chibonga n'kuponda pansi, fumbi lokha linkanena kuti a Ngozo alowa m'bwalo. Adali munthu wopatsa, wanthabwala, koma adali ndi chilema chimodzi chimene adachita kutiuza kuti tisachibise: sankafuna kuti munthu aliyense awaone atafooka.

Mu 2012 adayamba kumva ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi. A naNzunga ndiwo adaona nyerere zitaunjikana pamene abambo ataya madzi kuseri kwa bafa, n'kuwakakamiza kupita kuchipatala cha pa Boma. Adawapeza ndi matenda a shuga. Patapita zaka zinayi adawapezanso ndi kuthamanga kwa magazi. Pobwerera tsiku loyamba lija, asadafike n'komwe pa siteji ya minibasi, malemuwa adalumbiritsa mkazi wawo kuti nkhaniyi isatuluke, kaya kwa ana, kaya kwa abale, kaya kwa ankhoswe. Adati pa Lizulu akangomva kuti Thirakita akuyendera mapiritsi, ulemu wawo wathera pomwepo. A naNzunga adalonjeza. Kuyambira pamenepo, Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse awiriwa ankakwera minibasi, ife tikumva kuti apita pa Boma kokagula sopo ndi zina za pakhomo. Zaka khumi ndi ziwiri tinkawaseka kuti nkhalamba zimenezi zimaperekezana ngati zangotomerana kumene.

Mu 2022 maso adayamba kuchita chifunga ndipo mapazi ankachita dzanzi, moti adasiya malonda n'kubwerera kumudzi. Chaka chomwecho pakhomo pawo padasintha kanthu kakang'ono. A naNzunga adaleka kuthira mchere m'ndiwo. Ankaphika zosakolera, mchere n'kuuika pambali m'kambale kachitsulo koyera, kam'mphepete mobiriwira, kuti mlendo kapena mdzukulu adzithirire yekha. Abambo akatambasula dzanja kuti atapeko, kambaleko kankasunthidwa mwakachetechete. Malemuwa mchere ankaukonda, ndiye ankazembera kwa mlongo wathu wamkulu, Mayi Emma, n'kumakadandaula moseka kuti kwawo akudya ngati ali kundende, a naNzunga adakangana ndi mchere. Iwo ankanena ngati nthabwala. A Emma sadaseke.

Kwa ana a masiku ano amene simukudziwa, makolo ankati mkazi akayenda njira zam'mbali thupi lake limatentha, ndipo akathira mchere m'ndiwo amadula mwamuna wake. Mwamunayo amatupa miyendo ndi nkhope, amatsokomola, mapeto ake amapita. Umenewo ndiwo mdulo, ena amati tsempho. Ndiye mkazi wodzidziwa kuti walakwa amaopa kugwira mchere, amauika pambali kuti aliyense adzithirire. Sitidabwere pano kudzatsutsana ndi makolo. Tabwera kudzanena zimene ifeyo tidachita ndi mawu a makolowo.

Chakumayambiriro kwa 2024 mapazi a malemu adayamba kufufuma madzulo, ukadina ndi chala pankatsala kadzenje. Poyamba tidati ndi kunenepa kwa munthu wopuma pantchito. Kenaka a Emma adakumbutsa za kambale kaja. Tsoka lake, masiku omwewo malemuwa adali ataululira Evance, ali awiriwiri kumunda, kuti moto wa m'nyumba udazilala kalekale. Pamaliro sitinganene zoposa apo. Achipatala atiuza tsopano kuti shuga amachita zimenezo kwa amuna ambiri. Koma Evance, m'malo mosunga chinsinsi cha mkulu wake, adatenga mawuwo n'kukawaika pambali pa kambale ka mchere ndi mapazi otupa aja, n'kuwonkhetsa ngati samu ya pabolodi. Yankho lidatuluka loti alamu ali ndi wina kunja, adawadula kale achimwene, tsopano chikumbumtima chikuwaluma n'chifukwa chake akuthawa mchere. Mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, wa zidzukulu zisanu ndi ziwiri! Koma tidakhulupirira, ndipo nkhani idayenda mudzi wonse sabata isadathe.

Amayi amene muli pano mukudziwa zimene zidatsatira. Pamaliro a kutsidya kwa dambo chaka chathachi, a naNzunga atafika kumafuwa ndi chipande chawo adauzidwa kuti iwo azingotunga madzi, miphika asaiyandikire. Adatunga madzi tsiku lonse.

Loweruka pa 17 Ogasiti 2024 tidaitanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, tidakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba ija mukuionayo. Amene adayendetsa nkhani adali Evance, poti ndiye wophunzira wa pabanja. Adafunsa a naNzunga chifukwa chimene adalekera kuthira mchere m'ndiwo za amuna awo. Adafunsa katatu. Katatu konse iwo adatembenuka kuyang'ana amuna awo, ndipo kachitatuko adati, "Afunseni eni ake, ali pomwepa." Malemuwa adali atakhala pampando wandalema, mapazi ali m'mapatapata poti nsapato zidali zitakana. Adazolika nkhope n'kumalemba pansi ndi kamtengo. Sadatsegule pakamwa. Ife kukhala chete kwa mwamuna tidakuwerenga ngati chisoni cha munthu wolakwiridwa, yankho la mkazi tidaliwerenga ngati mwano. Tidagamula kuti a naNzunga abwerere kwawo mpaka achimwene atachira. Ana atamva adaimba mafoni akulira, Tikondwe ku Blantyre, Tisungane ku Balaka, Mfundo ku Joni. Tidawayankha kuti za akuluakulu ana salowerera.

M'mawa mwake a naNzunga adamanga kamtolo ka zitenje zawo. Asadanyamuke adadzera kwa Evance, adagwada monga amachitira nthawi zonse, n'kupereka kajumbo kakuda komanga pakamwa. Adati, "Alamu, izi n'za achimwene anu. Muziwerenge, poti inu ndinu ophunzira." Pano mundilole ndisiye kubisala kuseri kwa dzina langa. Evance ameneyo ndine. Kajumboko sindidakamasule. Ndidati m'menemo muli zitsamba zimene ankapusitsira achimwene, ndidakagwira ndi nsonga za zala n'kukakasomeka kudenga la khitchini, pamene timasomeka chimanga chambewu. Ine amene ndidaphunzitsa sayansi Sitandade 8 zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, amene ndinkajambula impso pabolodi ndi choko chofiira n'kumakwapula ana olephera kuzitchula! Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ine ndidafunsa katatu, koma ndinkafunsa ndili nalo kale yankho m'thumba.

Miyezi isanu yotsatirayo tidawasamala achimwene ndi mtima wathu wonse, ndipo chilichonse chimene tidachita chidali chowapweteka. A Emma, amene avomera kuti dzina lawo litchulidwe pano, adasamukira pakhomopo n'kuyamba kuphika ndiwo zokolera bwino, tiyi wa shuga wokwanira, zokazinga, kuti thupi libwerere. Tidapita kwa sing'anga wina kutsidya kwa malire, adatipatsa mankhwala a mdulo, ufa wakuda wosakaniza ndi mchere woti azinyambita katatu patsiku, ndi mabotolo a zomwa. Msana ukawawa ndinkawagulira mapiritsi opha ululu pagolosale, awiri m'mawa awiri madzulo, miyezi yathunthu. Mapiritsi awo enieni adali kudenga akudetsedwa ndi mwaye. Malemuwa ankadziwa kumene ali, koma kuwaitanitsa kukadakhala kuvomera kuti adakhala chete pamene mkazi wawo ankanamiziridwa. Manyazi oyamba adabala manyazi achiwiri, ndipo ankanyambita mchere wa sing'anga uja akudziwa kuti ukuwapha.

Kutupa kudakwera kufika m'ntchafu ndi m'mimba. M'mawa ankadzuka zikope zitafufuma, maso akuoneka pang'ono. Mkodzo udachepa n'kumachita thovu ngati mwasungunula sopo. Thupi lonse linkayabwa mpaka ankadzikanda ndi chitsononkho, chakudya ankati chikumveka chitsulo m'kamwa, akadya n'kusanza. Kabala ka minga pachala cha kuphazi kadakana kupola. Pofika Khirisimasi sankathanso kugona chagada, mpweya unkawathawa, ankagonera pampando. Ife tikaona zimenezo tinkangogwedeza mitu kuti mdulo wake ndi wokhwima, mayi uja adawadula mozama.

Pa 21 Januwale chaka chino adagwa pakhonde akupita kukasamba. Tidathamangira nawo kuchipatala cha Champiti, kumeneko sadachedwe, adatitumiza pa Boma. Dokotala wa kuchipinda cha odwala shuga atangowaona adati, "Kodi si a Ngozo awa? Mudasowa kuti miyezi yonseyi? Nanga amayi aja ali kuti, amene sankaphonya tsiku?" Ine ndi a Emma tidayang'anana. Adafunsa kabuku ka kuchipatala, ife tidati kabuku kake kati. Adati kabuku kamene amayi aja ankakasunga m'kajumbo kakuda. 

Ndidakwera njinga yamoto kubwerera kuno, ndidakatsitsa kajumbo kaja kudenga, ndidakamasulira pakhomo la khitchini pomwepo. Mudali timabuku tinayi tomangidwa pamodzi ndi ulusi, ndi mapaketi a mapiritsi a mitundu itatu. Masiku adalembedwa mwezi ndi mwezi kuyambira 2012, popanda mwezi wodumpha, mpaka pa 1 Ogasiti 2024. Kuchokera apo masamba adali oyera. Patsamba la Meyi 2022 dokotala adalemba m'Chingerezi kuti impso zayamba kufooka, wodwala asadye mchere, asamwe mapiritsi opha ululu a m'magolosale kapena mankhwala osadziwika, n'kudula mizere iwiri kunsi kwake. Pansi pa mizereyo padali mawu a pensulo, zilembo zikuluzikulu zopendekera za munthu amene adalekezera Sitandade 4. Adalemba ndi a naNzunga kuti asaiwale: osathila mchele. Ndidakhala pansi paphulusa pomwepo, ndidalira ngati mwana.

Madokotala adatifotokozera bwinobwino, ndipo tikubwereza pano kuti wina apulumukirepo. Impso ndi sefa wa magazi. Shuga akakhala wokwera zaka zambiri amaboola sefayo pang'onopang'ono, munthu osamva kupweteka kulikonse. Kuthamanga kwa magazi kumaonjezera kung'amba, kunenepa ndi fodya zimathandizira, ndipo mchere umasunga madzi m'thupi n'kukweza magaziwo. Sefa akatha, madzi ndi zoipa zimene zimayenera kutuluka zimatsalira m'thupi, ndiko kutupa kuja, kuyabwa kuja, kubanika kuja. Adati impso za a Ngozo zidali zofooka kale, inde, koma zaka ziwiri zathunthu matendawo ankayenda pang'onopang'ono chifukwa kunyumba kudali munthu amene ankatsata malangizo. Kenaka dokotalayo adafunsa, mosadziwa kuti akubaya pabala, kuti kodi chidasintha n'chiyani mu Ogasiti.  Chidasintha n'choti tidathamangitsa munthu yekhayo amene ankawasunga ndi moyo.

Tsiku lotsatira ndidapita ndi ankhoswe kwawo kwa a naNzunga. Tidawapeza kumunda kwa mlongo wawo akupalira mbatata, ataonda, mpango uli m'chiuno. Ndidagwada mumzere momwemo, matope ali m'mawondo. Ndinkayembekeza kuti anditukwane, ndipo zikadandipepukira akadatero. Iwo adaimika khasu, adandiyang'ana, n'kufunsa kuti, "Adya chiyani lero?" Adakasamba m'mapazi, adatenga kamtolo kawo komwe kaja, tidakwera minibasi. Kufika m'chipinda cha odwala, malemuwa atawaona adafunda nsalu kumutu. A naNzunga adaivundukula, adakhala pansi, adayamba kuwapukuta kumaso.

Kuchokera pa Boma adatitumiza ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, kumene kuli makina otsuka magazi. Adawaikapo kangapo, kutupa kudatsikako, adayambanso kucheza. Koma madokotala sadatinamize. Adati impso zafa zonse ziwiri, magazi achepa, mtima watupa chifukwa cholimbana ndi madzi nthawi yaitali. Adachita zonse zimene akadatha, ndipo banja likuwathokoza. Masabata asanu onse a kuchipatala a naNzunga sadachoke pambali pa bedi.

Dokotala wina ku Lilongweko adafunsa ngati m'banja mwathu mudakhalapo wina wodwala shuga kapena womwalira atatupa miyendo, chifukwa matendawa amayenda m'magazi a pamtundu. Apa ndi pamene tibwerere kwa mayi athu. Bambo athu sadayezedwe, ndiye sitinganene motsimikiza chimene chidawatenga. Koma tikukumbukira ludzu lawo, tikukumbukira majombo aja. Tikukumbukiranso kuti mudzi udati a naMaseko adawadula amuna awo, poti mwamuna adakhalitsa ku Joni. Mayi athu adakhala zaka makumi awiri ndi zinayi ndi dzina limenelo, osaphika pamaliro, osaphika paukwati. Ife ana awo tidakula tikuwawidwa nazo mtima. Ndiye taonani, tidakula n'kudzatenga mtolo womwewo kuusenzetsa mkazi amene adawasambitsa mayi athuwo mpaka imfa. Manda awo ali apo, mizere itatu kuchokera pamene takumba lero. Mayi, ngati mukumva, nanunso tikupepesa.

Lachisanu pa 28 Febuluwale malemuwa adalandira sakramenti la odwala. Wansembe atatuluka, achimwene adandiitana, adandiuza kuti nditenge pepala. Adati, "Ulembe zonse, Evance, usandikometsere. Ndidasenza matumba amene amuna awiri ankalephera, koma mawu atatu okha adandikanika kunyamula pansi pa mtengo paja: ine ndine wodwala. Ukawanene iweyo pamaso pa anthu, ndisadalowe m'dothi." Adapempha mkazi wawo kuti awakhululukire. Zimene adayankhidwa ndi za awiriwo, ife tidatuluka panja. Lamulungu m'mawa, belu la Misa yoyamba likulira kutali, adatsikira kuli chete dzanja lawo lili m'manja mwa a naNzunga.

Tsono banja la Ngozo likunena izi pamaso pa mfumu, pamaso pa mpingo, ndi pamaso pa abale a kwa Nzunga amene abwera kudzalira nafe ngakhale tidawachititsa manyazi. Bambo Gracian Ngozo sadafe ndi mdulo. Adamwalira ndi matenda a impso obwera chifukwa cha shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Mayi Rute sadayende njira yam'mbali ngakhale tsiku limodzi. Adasiya mchere chifukwa adauzidwa ndi dokotala, adakhala chete chifukwa adalonjeza amuna awo. Amene adalakwa ndi malemuwa pobisa, a Emma poyambitsa, ndipo koposa onse ine, amene ndidapatsidwa choonadi m'manja n'kukachisomeka kudenga. Madzi akatayika saoleka, achimwene sitingawadzutse. Koma dzina la munthu wamoyo lingathe kutsukidwa, ndipo amene mudamva bodza lija kuchokera pakamwa pathu, tikupempha kuti mutenge mawu a lerowa mukawafikitse konse kumene bodzalo lidafika, pachitsime, kuchigayo, mpaka pamsika pa Lizulu.

Tisadachoke ku Lilongwe tidayezetsa. A Emma awapeza ndi kuthamanga kwa magazi. Ine andipeza ndi shuga, ndipo ndanena pano pagulu kuti ndisadzalumbiritse munthu. Ana a malemu nawo alonjeza kukayezetsa maliro akatha. Kunyumba kwanga kuyambira sabata yatha mchere ukukhala pambali m'kambale. Amene afune kunena kanthu za mkazi wanga ayambe wabwera, ndidzamupatsa kabuku kanga awerenge.

Nyumba ija ndi minda yonse ya malemu ndi za a naNzunga, akhala pano monga mayi wa pamudzi mpaka Mulungu adzawaitane, ngati iwo eni angafune kukhalabe pakati pa anthu onga ife. Tsiku limene mwambo udzawalola kubwerera kumafuwa, banja lonse lidzasonkhana pakhomo pawo kudzadya za m'manja mwawo. Akadzathira mchere tidzadya. Akadzapanda kuthira tidzadyanso, osafunsa.

Malemu Bambo Gracian Maynard Ngozo asiya mkazi wawo mmodzi yekha wa pa ukwati woyera, Mayi Rute Ngozo, a naNzunga, amene adawasunga zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, kuchotsapo miyezi isanu imene tidawalanda ife. Asiya ana atatu: Tikondwe, Tisungane ndi Mfundo. Asiya zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Asiya mlongo wawo, Mayi Emma, ndi mng'ono wawo, Evance. Abale awo awiri, Aleck ndi Hilary, adatsogola kale.

Achimwene, katundu mudandisenzetsa uja ndamutula pamaso pa anthu. A Ngozo, a Thirakita, apumule mu mtendere.